Kodi denga lanu lingadzaze migolo ingati?

Ana inu a ku Kitwe ndi ku Ndola, mvula ikamagwa mu January, madzi otsika padenga lanu amapita kuti? Ambiri amathamangira m'ngalande za m'misewu n'kukathera mumtsinje wa Kafue kapena wa Kafubu. Pofika September fumbi lili koboo, repu wa amayi wafota, kapinga wauma.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Ndiye taganizani denga la malata la mamita 10 mulitali, mamita 5 mulifupi. Mvula ya mamilimita 20, ya tsiku limodzi lokha, ingakupatseni malita 1,000. Imeneyo ndi migolo isanu ya malita 200! Ku Copperbelt kumagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 pa chaka, choncho denga lomwelo lingadzaze migolo 250 kapena kuposerapo. Mvula ilipo ndithu, chosowa ndi mosungira.

Mukukumbukira chilala cha 2024? Mu February chaka chimenecho, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho chinali tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa m'damu la Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri. Makina opopera madzi kubwera ku mipopi ya m'tauni amayendera magetsi omwewo. Pampopi pakauma, ndani angalole kuti madzi otunga movutikira akathirire maluwa? Apa ndi pamene mgolo wa kuseri kwa nyumba umagwira ntchito.

Akuluakulu amamangirira lata lopinda ngati ngalande m'mphepete mwa denga, kuti madzi azitsetserekera mumgolo kapena m'thanki. Madzi oyamba asiyeni apite, chifukwa ndi amene amatsuka fumbi, masamba ndi zitosi za mbalame. Mgolo womwe munali mafuta kapena mankhwala, ayi ndithu.

Chivundikiro musachiiwale. Udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo kukatentha sipatha masabata awiri mphutsi zake zisanamere mapiko, kenako malungo m'nyumba. Mgolo wosavundikira ndi woopsanso kwa mng'ono wanu wokonda kusuzumira. Madzi amenewa ndi a mbewu, osamwa musanawiritse.

Migolo iwiri siingafike October mukamathirira mwachisawawa. Thirirani m'mamawa kapena dzuwa likapepa, ndipo thirani patsinde, osati pamasamba. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Ine ndikanayamba ndi tomato ndi timitengo ta mango tongobzala kumene. Kapinga adikire, amaphukanso yekha mvula ikabwera.

Mvula yotsatira, ikani chitini chowongoka pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. Ikakata, yezani kuya kwa madziwo ndi rula yanu ya kusukulu. Chulukitsani mamilimitawo ndi kukula kwa denga lanu, mukauze agogo malita amene adutsa pakhomo tsiku limenelo.