Kapampu kakang'ono koteteza moyo pamsewu

Galimoto zakale, monga Volkswagen Kombi, zinkapopera madzi pagalasi lakutsogolo ndi mpweya wopanikizidwa m'botolo, zina poponda kamphira ndi phazi. Zimenezi zikafa, dalaivala wothamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera saona njira, mawaipa amangopaka matope.

Makaniko angathe kuikamo kapampu kamagetsi ka mavolti 12. Paipi imodzi imachokera m'botolo, ina imapita kutimabowo topopera, ndipo waya amadutsa pa fyuzi kukafika pa batani pafupi ndi chiwongolero. Ngati botololo linali lampweya, chivindikiro chibooledwe pang'ono kuti madzi azituluka bwino.

Makolo, samalani: madzi ena ogula otsukira galasi amakhala ndi methanol, poizoni wochititsa khungu kapena imfa. Musawasunge m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala.