Banki imene inafera pa chisankho

Ophunzira anga a mbiri ya zachuma akamva za banki yaikulu ya dziko, amayembekezera masamu ozunguza mutu. Ine ndimawauza kuti ayambe awerenga mavoti. Chitsanzo chimene ndimawapatsa ndi Second Bank of the United States.

Bankiyi inalandira chilolezo cha zaka 20 mu 1816, likulu lake lili ku Philadelphia, ndipo boma linali ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpamba wake wa madola 35 miliyoni. Ntchito yake yaikulu sinkaonekera kwa anthu wamba. Masiku amenewo mabanki ang'onoang'ono a m'zigawo ankasindikiza ndalama zawozawo zamapepala. Anthu akalipira msonkho ndi mapepala amenewa, banki yaikulu inkawabweza kwa eni ake n'kuitanitsa golide kapena siliva. Banki yosindikiza mapepala ochuluka kuposa chuma chimene ili nacho inkagwidwa pomwepo. Amenewo ndiwo anali mabuleki a ngongole, ndipo wofuna kukongola mosavuta sakanawakonda.

Chilolezo chinali choti chithe mu 1836, koma aphungu a nyumba ya malamulo ya Senate, Henry Clay ndi Daniel Webster, analimbikitsa mkulu wa bankiyo, Nicholas Biddle, kuti apemphe china mu 1832, chaka cha chisankho. Ankaganiza kuti Pulezidenti Andrew Jackson akakana, mavoti amuthawa. Aphungu atavomereza pempholo, Jackson anakana kusaina pa 10 Julayi, n'kudzagonjetsa Clay ndi mavoti 219 a nthumwi zosankha pulezidenti, mnzakeyo atapeza 49 okha.

Munthu amene ndimafuna ophunzira amuyang'anitsitse ndi George Dallas wa ku Pennsylvania. Iyeyu, wa chipani cha Jackson, ndiye anapereka bilu yowonjezera moyo wa banki ku Senate. Bwana atakana, Dallas anatsala mbali ya bwana pa chisankho. M'mabuku a banki simunasinthe kanthu. Chinasintha n'chakuti kuikira banki kumbuyo kunasanduka kugalukira chipani. Clay nayenso musamuyese woyera: mu 1811 anathandiza kupha banki yaikulu yoyamba, imene Alexander Hamilton anayambitsa mu 1791.

Mu 1833 Jackson analamula kuti ndalama za boma zichoke m'bankimo. Nduna ya zachuma, William Duane, inakana ndipo inachotsedwa ntchito. Roger Taney analowa m'malo mwake n'kuyamba kusungitsa ndalamazo m'mabanki a m'zigawo osankhidwa ndi boma. Biddle anabwezera pochepetsa ngongole mpaka amalonda analira. Apa, kwa ine, ndi pamene anadzipachika yekha, chifukwa anaonetsa poyera zimene Jackson ankanena, zoti munthu mmodzi wosasankhidwa ndi anthu ali ndi mphamvu yofinya dziko lonse.

Senate inadzudzula Jackson mu 1834. Anthu ake atachuluka m'nyumbamo, anafufuta chidzudzulocho mu 1837, chaka chomwe mabanki ambiri analeka kubweza golide ndi siliva kwa osunga mapepala awo. America inakhala yopanda banki yaikulu mpaka Federal Reserve itakhazikitsidwa mu 1913.