Nyenyezi Zisanu za ku America ndi Mbiri ya Pabwalo la ku Sangilo

M'dziko la United States muli mwambo wopima anyamata osewera mpira asanamalize n'komwe sukulu ya sekondale, ndipo mpira wake si wamiyendo umene Amalawi anazolowera, koma wina wooneka ngati dzira, umene osewera amathamanga nawo m'manja uku akugwetsana. Makampani monga Rivals, 247Sports ndi ESPN amaonera masewero a mnyamata, amalemba msinkhu wake, kulemera kwake ndi liwiro lake, kenaka amam'patsa nyenyezi, zimene ndi chizindikiro cha mmene akuyembekezeka kukachitira ku koleji. Pamwamba penipeni pali nyenyezi zisanu, ndipo mwa anyamata pafupifupi miliyoni imodzi amene amasewera mpirawu m'masekondale, ozilandira pa chaka sapitirira kwenikweni 30 kapena 40. A 247Sports amaima dala pa 32, kuti chiwerengerocho chifanane ndi cha osewera osankhidwa m'chigawo choyamba cha NFL Draft, umene ndi msonkhano wa chaka ndi chaka pomwe matimu a ligi yaikulu ya NFL amagawana osewera ochokera m'makoleji.

Popeza zonsezi zimalembedwa ndi kusungidwa, n'kotheka kubwerera patapita zaka zinayi kapena zisanu n'kuona ngati olosera aja analondola. Zimene zimapezeka n'zakuti pafupifupi theka la anyamata a nyenyezi zisanu, mwinanso kuposerapo, amadzasankhidwa ndi matimu a NFL, pamene bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'makoleji, limati mwa osewera onse a m'makoleji ofika kumeneko sakwana awiri pa 100 alionse. Trevor Lawrence, amene analowa ku koleji ya Clemson mu 2018 atam'tamanda dziko lonse, anapambana chikho cha makoleji m'chaka chake choyamba ndipo mu 2021 anali woyamba kusankhidwa. Otsutsa nyenyezi amakonda kutchula J.J. Watt, amene anali ndi ziwiri zokha, kapena Baker Mayfield, amene analowa m'timu ya koleji popanda thandizo la fizi koma n'kudzakhala woyamba kusankhidwa mu 2018. Komabe awa ndi ochepa otuluka m'khamu la anyamata masauzande ambiri, ndipo kuwala kwawo sikusintha masamu aja.

Chimene chimaiwalika kawirikawiri n'chakuti nyenyezi sizimangolosera, zimagwiranso ntchito yokwaniritsa zimene zalosera. Mnyamata wa nyenyezi zisanu amalimbiranidwa ndi makoleji olemera monga Alabama, Georgia ndi Ohio State, kumene amapeza sukulu yaulere, chakudya chom'konzera akatswiri, madokotala, ndi mphunzitsi woona za malo ake okha pabwalo. Akalakwitsa m'chaka choyamba amam'pirira, chifukwa anthu amene anam'bweretsa safuna kuoneka kuti anasankha molakwika, ndipo kuyambira mu July 2021 amaloledwanso kulandira ndalama pa dzina lake. Choncho akamati mnyamata wakwaniritsa chiyembekezo, gawo lalikulu la kukwaniritsako ndi chuma ndi nthawi zimene omuyembekezerawo anathira mwa iye.

Ku Sangilo, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi Chilumba, kummwera kwa boma la Karonga, kulibe wopereka nyenyezi, komatu sikuti kulibe kupima. Mnyamata amayamba ndi mpira wachikulunga, wokulunga ndi mapepala apulasitiki n'kumanga ndi zingwe, pamchenga kapena pabwalo la sukulu, ndipo akafika zaka 14 kapena 15 anthu amakhala atagwirizana kale kuti uyu ndiye dolo. Chigamulo chimenechi chimaperekedwa ndi aphunzitsi a zamasewero, ndi asodzi okambirana posoka maukonde, ndi khamu la pa bonanza, imene ndi mpikisano wa tsiku limodzi kapena masiku ochepa umene munthu wamalonda kapena wandale amaikapo ndalama ndi yunifomu. Maso a anthu amenewa sayenera kupeputsidwa, pakuti amamuona mwanayo sabata ndi sabata kwa zaka zambiri, amadziwa ngati amapsa mtima msanga ndiponso ngati amalimba akagwetsedwa, zinthu zimene woyeza liwiro ndi wotchi sangazione pa tsiku limodzi. Vuto lake n'lakuti mbiri yotere ilibe pokhala koma pakamwa, ndipo mphamvu yake imachepa mtunda ukamatalika. Imamveka bwino ku Uliwa ndi ku Chilumba, imafika mofooka ku Karonga boma kumene kuli Karonga United, ndipo ikamakwera mapiri a Chiweta kulowera ku Mzuzu imakhala itasanduka mphekesera. Matimu a ndalama, Silver Strikers ku Lilongwe, Bullets ndi Wanderers ku Blantyre, ali kutali ulendo wa tsiku lathunthu kapena kuposerapo, ndipo woti alipire ulendowo, malo ogona ndi chakudya cha masiku oyeserera nthawi zambiri ndi banja limene likudalira usipa ndi chinangwa.

N'zoona kuti njira imeneyi ena anaidutsa. Gabadinho Mhango, wobadwira ku Chiweta mu 1992, pa msewu womwewo wa M1, anafika ku Bullets, n'kupita ku Bloemfontein Celtic mu 2013, ndipo ali ku Orlando Pirates anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya South Africa ya 2019/20, n'kugawana ulemu wa womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile. Chigoli chake chakutali pokumana ndi Morocco mu January 2022 chikukumbukikabe. Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi anadzera ku Sweden ndi ku China, ndipo Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Koma mayina amenewa amasocheretsa mofanana ndi mmene dzina la Watt limasocheretsera Aamerika, chifukwa palibe buku lonena kuti ndi ana angati a m'nyanja muno amene anatamandidwa mofanana ndi iwowa pa msinkhu womwewo, n'kuthera m'bwato kapena pa kabaza bondo litavulala popanda wolichiza. Kumene kulibe kaundula, olephera sawerengedwa, ndipo funso lakuti otamandidwa amakwaniritsa motani chiyembekezo limayankhidwa ndi nthano za opambana okha.

Nthawi imodzi imene Malawi anakhala ndi gulu la achinyamata olembedwa mayina ndi oyembekezeredwa ndi dziko lonse inali mu 2009, pamene timu ya osapitirira zaka 17 inapita ku mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Nigeria, italowa m'malo mwa Niger imene inachotsedwa pa mlandu wa zaka za osewera. Timuyo inagonja masewero onse atatu, kwa United Arab Emirates, United States ndi Spain, koma ena mwa anyamatawo anaonedwa ndi matimu akunja. Robin Ngalande anafika mpaka kutimu ya achinyamata ya Atlético Madrid, kenaka anapita ku South Africa n'kumasinthasintha matimu, ndipo ambiri amam'tchula ngati chitsanzo cha luso losafika pamene linkayembekezeka. Chiweruzo chimenechi n'cholemera mopitirira muyeso pa munthu amene anasewera mpira wolipidwa kwa zaka zambiri ndi kuvala malaya a Flames, ndipo chimabisa funso loyenera kufunsidwa, lakuti ndi dongosolo lotani limene linalandira gulu lonse lija litabwerako ku Nigeria, popeza mnzawo wa ku America pa msinkhu umenewo amakhala akulowa kumene m'zaka zinayi kapena zisanu zosamalidwa.

Dongosolo la ku America nalo lili ndi zilonda zake, pakuti limaika mtengo pa mwana wa zaka 16, limamuonetsa pa kanema asanakhwime maganizo, ndipo mpira wake umavulaza ubongo. Theka lija losafika ku NFL limanyozedwa poyera, ngakhale ambiri amatsala ndi mwayi wa digiri. Sangilo sakusowa nyenyezi zotere. Chimene akusowa ndi zinthu zotsika mtengo kuposa pamenepo, monga chiphaso cha kubadwa, chimene lamulo la kalembera lakhala likufuna kwa mwana aliyense kuyambira 2015 ndipo chingathetse kukayikirana pa zaka, komanso buku la m'boma lolembamo masewero, zigoli ndi kuvulala kwa osewera a m'masukulu, loti bungwe la FAM ndi la masewero a m'masukulu la MASSA azisunga limodzi. Sukulu ya mpira ya Ascent Soccer ku Lilongwe yaonetsa kuti mwana wa ku Malawi wotsatidwa bwino pa mpira ndi m'kalasi angapeze malo m'masukulu a ku America, koma imatenga ana ochepa, ndipo mwana wa ku Sangilo angafikeko pokhapokha wina atakwera basi kudzamuona akusewera, kapena atapeza dzina lake litalembedwa penapake pamodzi ndi tsiku lake lobadwa.