Kanjoka kakuda kosagwirika pakhosi

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, foni yanga siipuma. Wina akuimba ali ku Chamboli mu Kitwe, wina ku Chifubu mu Ndola, koma nkhani imodzimodzi: "Bambo, tapeza kanjoka kakuda pakhomo, kakang'ono ndithu. Tikagwire?" Ndimawauza kuti asakakhudze n'komwe.

Kanjokako asayansi timakatcha Atractaspis bibronii, dzina lomwe Andrew Smith anakapatsa mu 1849. Kawirikawiri kamatalika masentimita 30 mpaka 40, n'kakuda bii ndiponso konyezimira, maso ake ngati timadontho. Pafupifupi moyo wake wonse ndi wapansi: m'zulu zakale zomwe zadzaza kuno ku Kopala, pansi pa miyala, pansi pa zipika zowola. Kamatuluka usiku nthaka ikanyowa. Ukakaopseza kamapinda khosi, mutu n'kuloza pansi ngati kakufuna kudzikumbira. Kumchira kuli kansonga kolasa, n'chifukwa chake ena amati kamaluma ndi mchira. Kumchirako kulibe ululu.

Chinsinsi chili m'kamwa. Mu una wa mbewa mulibe malo oyasamulira, choncho mano ake aululu, omwe ndi aatali poyerekeza ndi kamutu kake, amagona choloza kumbuyo. Kamangotulutsa dzino limodzi m'mbali mwa kamwa, kukamwako kuli chitsekere, n'kukoka mutu chammbuyo. Umu ndi mmene kamaphera tiana ta mbewa, abuluzi ndi tinjoka tinzake.

Ndiye taganizirani munthu amene anaphunzira zoti njoka umaitsina kuseri kwa mutu. Kwa njoka zambiri njirayi imagwira. Kwa aka, chala chako wachiika pomwe dzino limatulukira. Ine ndinaphunzirira pa chala changa chachikulu ndili mnyamata, nditangoyamba ntchito yogwira njoka. Ndinayesa ndi kanjoka kena kakuda kopanda ululu, pakuti tinjokati timafanana kwambiri. Sindinakaone kakuyasamula. Ndinangomva ngati ndagwira khala la moto. Pofika m'mawa mkono unali utatupa mpaka m'chigongono, pachala padatuluka chithuza chakuda, ndipo patapita masabata chikhadabo chinasosoka. Ndinachita mwayi. Ena amaduka nako kansonga ka chala.

Mankhwala olimbana ndi ululu ochokera ku South Africa, omwe amathandiza wolumidwa ndi mphiri, pa kanjoka aka sagwira. Komabe pitani kuchipatala, kaya ku Kitwe Teaching Hospital kaya ku Ndola Teaching Hospital, akachepetse kupweteka ndi kuyang'anira bala. Vulani mphete chala chisanatupe. Osamanga mkono ndi lekeni, osatema mphini, osayamwa, chifukwa ululuwu umaononga mnofu pomwe walowera, ndipo kumangako kumangowonjezera moto. Ka kwathu kuno sikapha munthu kawirikawiri. Msuweni wake wa m'chipululu cha ku Israel ndi Sinai, Atractaspis engaddensis, ndiye woopsa kwambiri, pakuti ululu wake umafinya mitsempha ya mtima.

Ambiri amene ndawaona atalumidwa sanakaputepo dala. Wina anakaponda potuluka usiku opanda nsapato, mwana wina anakagonera pamphasa. Tochi ndi masilipasi zikadawapulumutsa enawo. Nane masiku ano ndikaitanidwa sinditambasula dzanja. Ndimakasesera mundowa ndi tsache lalitali, n'kuvundikira, kenako ndimakakasiya kutchire pafupi ndi chulu, ndipo pomwe ndikutembenuka kamakhala katalowa kale pansi.