Mmene Boma Limakhazikitsira Malamulo a Nkhondo M'dziko Mwake

Malamulo a nkhondo ndi mfundo zimene mayiko anagwirizana pofuna kuika malire pa zimene omenyana angachite. Amateteza munthu amene sakumenya nawo nkhondo kapena amene wasiya kumenya: wovulala, wodwala, msilikali wogwidwa ndi mdani, komanso anthu wamba. Tsinde lake ndi Mapangano anayi a ku Geneva a pa 12 Ogasiti 1949. Loyamba limanena za asilikali ovulala ndi odwala pamtunda, lachiwiri za a panyanja, lachitatu za asilikali ogwidwa, ndipo lachinayi za anthu wamba. Mayiko 196 anawavomereza, ndipo mu 1977 panabwera mapangano ena awiri owonjezera. Koma ku Geneva kulibe apolisi ogwira ophwanya malamulowa, kulibenso ndende yowatsekera. Ndime yoyamba ya mapangano onse anayi imasenzetsa udindowu boma lililonse, kuti liwalemekeze ndi kuonetsetsa kuti akulemekezedwa. Ntchito yake imagwiridwa m'dziko momwemo, ndipo yambiri iyenera kutha mfuti zisanayambe kulira.

Kuvomereza pangano

Gawo loyamba silichedwa. Boma limatumiza kalata yovomereza kwa wosunga pangano, amene pa Mapangano a ku Geneva ndi boma la Switzerland, ndipo dzina la dzikolo limalowa m'kaundula. Dziko la Malawi linalowa m'mapangano anayi aja mu 1968, ndipo awiri owonjezerawo linawavomereza mu 1991. Apa ndi pamene pamajambulidwa zithunzi, ndipo ambiri amaganiza kuti nkhani yathera pomwepa. Komatu pangano longovomerezedwa lili ngati fodya wa pachala, amene akuluakulu amati ndi wa mphepo chifukwa sanafike pamphuno.

Kulisandutsa lamulo la m'dziko

Pamene zinthu zimaima nthawi yaitali ndi pano. M'mayiko ambiri amene analandira kayendetsedwe ka malamulo kuchokera ku Britain, khoti silingagwiritse ntchito pangano la mayiko mpaka Nyumba ya Malamulo italilowetsa m'malamulo a dzikolo. Gawo 211 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limanena zomwezi: pangano limene boma lalowa malamulo aakuluwo atayamba kugwira ntchito limakhala lamulo la dziko pokhapokha Nyumba ya Malamulo itapanga lamulo lotero. Ngakhale m'mayiko amene pangano limakhala lamulo likangosindikizidwa, vuto limatsalabe, chifukwa Mapangano a ku Geneva amatchula milandu koma satchula zilango. Woweruza sangatumize munthu ku ndende popanda lamulo lonena kuti mlandu wakutiwakuti chilango chake ndi zaka zakuti.

Milandu ikuluikulu imene mapanganowa amatchula ndi monga kupha mwadala munthu wotetezedwa, kumuzunza, kumuyesera mankhwala, kukakamiza msilikali wogwidwa kumenyera nkhondo adani a dziko lake, kumulanga osamuzenga mlandu mwachilungamo, kusamutsa anthu wamba mosaloledwa, ndi kugwira anthu ngati chikole. Boma lililonse linalonjeza zinthu ziwiri pa milanduyi: kuika zilango m'malamulo ake, ndiponso kufunafuna woganiziridwa, kaya ndi wa dziko liti ndipo kaya analakwira kuti, n'kumuzenga mlandu kapena kumupereka ku dziko lina limene lili ndi umboni. Lonjezo lachiwirili ndi lachilendo ku makhoti, amene anazolowera kuweruza zochitika m'malire a dziko lawo, n'chifukwa chake limafuna lamulo lolembedwa momveka.

Njira ya lamulo lotere ndi yodziwika. Unduna umene nkhaniyo ikuukhudza umalemba malangizo, akatswiri olemba malamulo amakonza bilu, nduna zimaivomereza, aphungu amaikambirana, mtsogoleri wa dziko amasaina, kenako imasindikizidwa mu gazeti ya boma. Chovuta n'chakuti biluyi ilibe mwini weniweni. Oona za ubale ndi mayiko ena amati mbali yawo inatha tsiku losaina. Oona za chitetezo amati kulemba malamulo si ntchito yawo. Oona za chilungamo amati akudikira malangizo. Olemba malamulo amakhala ochepa, ndipo patebulo pawo pamakhala kale mabilu a misonkho ndi a ngongole amene boma likuwafuna msanga. Palibe phungu amene amafunsidwa za Geneva pa msonkhano wa kumudzi. Choncho fayilo imayenda kuchoka ofesi iyi kupita ofesi iyo, wogwira nkhaniyo akasamutsidwa, wobwera amayambiranso pachiyambi.

Dziko la South Africa linalowa m'Mapangano a ku Geneva mu 1952, koma lamulo lowakhazikitsa m'dzikomo linabwera mu 2012, patatha zaka 60. Britain inapanga lamulo lake mu 1957, ndipo Malawi ali ndi Geneva Conventions Act ya mu 1967. Kukhala ndi lamulo lakale sikutanthauza kuti ntchito inatha, pakuti lamulo lolembedwa chisanafike chaka cha 1977 silikanatchula milandu imene inawonjezedwa pambuyo pake, monga kuwombera mwadala anthu wamba kapena kuphulitsa mosasankha. Lamulo lotere limafuna kuunikidwanso nthawi iliyonse pamene dziko lavomereza pangano latsopano.

Amene amalipira kuchedwaku ndi ozunzidwa. Hissène Habré analamulira Chad kuyambira 1982 mpaka 1990, ndipo atagwetsedwa anathawira ku Senegal. Mu 2000 anthu amene anazunzidwa mu ulamuliro wake anakasuma ku Dakar. Senegal inali itavomereza kale pangano loletsa kuzunza anthu, koma makhoti ake anawabweza ponena kuti malamulo a dzikolo sawapatsa mphamvu yoweruza mlendo pa nkhanza zimene anachitira kunja. Zinatengera kusintha malamulo mu 2007, kusintha malamulo aakulu mu 2008, chigamulo cha khoti la mayiko onse la ku The Hague mu 2012, ndiponso khoti lapadera lokhazikitsidwa mogwirizana ndi African Union, kuti mlandu uyambe mu 2015. Habré anapezeka wolakwa mu Meyi 2016 pa milandu ya nkhondo, kuzunza anthu ndi kulakwira mtundu wa anthu, ndipo analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pa zaka 16 zodikirazo, ena mwa odandaula anamwalira asanamve chigamulo.

Khoti la ICC ndi makhoti a m'dziko

Pangano la ku Rome la mu 1998 linakhazikitsa khoti la ICC lozenga milandu ikuluikulu monga ya nkhondo, limene linayamba ntchito mu 2002, chaka chomwecho chimene Malawi ndi Zambia analivomereza. Ambiri amaliona ngati lolowa m'malo mwa makhoti a m'dziko, koma si momwe linakonzedwera. ICC imalowererapo pokhapokha dziko litalephera kapena litakana kuzenga mlandu moona mtima. Ilibe apolisi akeake, ndiye kugwira munthu kumadalira apolisi ndi makhoti a mayiko. Apa pamafunikanso lamulo lonena yemwe amalandira pempho la khotilo, yemwe amasaina chikalata chomangira, ndi chimene chimachitika ngati wofunidwayo ndi mtsogoleri wa dziko lina.

Nkhani ya Omar al-Bashir, amene anali mtsogoleri wa Sudan ndipo ankafunidwa ndi ICC, inaonetsa kukula kwa funsoli. Mu Okutobala 2011 anafika ku Lilongwe ku msonkhano wa COMESA osamangidwa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ICC inagamula kuti Malawi sanakwaniritse udindo wake. Mu 2012 boma la Joyce Banda linakana kumulandira, ndipo msonkhano wa African Union umene unayenera kuchitikira ku Malawi unasamutsidwira ku Addis Ababa. Mu Juni 2015 anapita ku Johannesburg, khoti la m'dzikomo linalamula kuti asatuluke, koma ananyamuka ndithu. South Africa inali ndi lamulo lokhazikitsa Pangano la ku Rome kuyambira 2002. Lamulo limapatsa khoti poimira, koma olitsatira ndi akuluakulu a boma.

Chizindikiro cha mtanda wofiira

Mtanda wofiira pa nsalu yoyera, mwezi wofiira, ndi chizindikiro chachitatu chimene chinawonjezedwa mu 2005, si zizindikiro za chipatala chilichonse. Pa nkhondo zimauza msilikali kuti asawombere, chifukwa pamenepo pali ovulala ndi owasamalira. Ololedwa kuzigwiritsa ntchito ndi azachipatala a asilikali, zipatala zimene boma lazivomereza, ndi mabungwe a Red Cross ndi Red Crescent, monga Malawi Red Cross Society imene inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1966. Boma liyenera kuletsa ena onse ndi kuika chilango.

Komabe m'matauni ambiri mtandawu umaoneka pa khoma la sitolo ya mankhwala, pa chikwangwani cha kiliniki yolipira, ngakhale pa bokosi la mabandeji m'galimoto. Mwini sitolo sanauzidwe ndi wina aliyense. Analembetsa bizinesi, analipira laisensi, analipira wolemba chikwangwani, ndipo palibe ofesi imene inamuchenjeza. Akadzauzidwa kuti afufute, ndalama ya penti imatuluka m'thumba mwake. Koma kulekerera kuli ndi mtengo woposa pamenepo: chizindikiro chopezeka paliponse chimasiya kuopedwa, ndipo tsiku la nkhondo amene amafa ndi woyendetsa ambulansi. Kugwiritsa ntchito mtandawu mwachinyengo pofuna kupha kapena kuvulaza mdani ndi umodzi mwa milandu ikuluikulu ya nkhondo.

Ku kampu ya asilikali

Msilikali sawerenga pangano ali pa mzere wa nkhondo, amachita chimene anaphunzitsidwa mobwerezabwereza. N'chifukwa chake mapanganowa amalamula kuti malamulo a nkhondo alowe m'maphunziro a asilikali, kuti akuluakulu a nkhondo akhale ndi alangizi a zamalamulo, ndi kuti chida chilichonse chatsopano chiunikidwe chisanagulidwe kapena kupangidwa. Mkulu wa asilikali amene akudziwa kuti anyamata ake akulakwa, osawaletsa kapena kuwalanga, nayenso amayankha mlandu. Boma liyeneranso kupewa kumanga malo a zankhondo pakati pa nyumba za anthu, nkhani imene imakhudza ogawa malo m'mizinda kuposa asilikali.

Zina ndi zazing'ono m'maso koma n'zimene zimapulumutsa. Msilikali aliyense ayenera kukhala ndi chiphaso cholembedwa dzina, udindo, nambala ndi tsiku lobadwa. M'khosi amavala kachitsulo ka dzina, kamene kawirikawiri kamathyoka pawiri: akafa, theka limatsala pa thupi, theka lina limatumizidwa kwawo. Akagwidwa, pasanathe sabata atafika kumalo osungirako ayenera kupatsidwa khadi loti alembere abale ake. Dziko lopanda nkhondo silingati izi sizilikhudza. Kuyambira 2013 asilikali a Malawi anatumikira kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa m'gulu la United Nations limene linapatsidwa mphamvu yomenya nkhondo, ndipo msilikali wotumikira pansi pa United Nations akalakwa amazengedwa mlandu ndi makhoti a dziko lake.

Kuphunzitsa sikuthera pa asilikali. Apolisi, oweruza, oimira boma pa milandu, madokotala ndi atolankhani ayenera kudziwa mbali yawo. Apa chizolowezi chofala ndi msonkhano wa masiku awiri ku hotela, wolipiridwa ndi bungwe lakunja, kumene amapita ndi akuluakulu okhaokha. Maalawansi akatha, phunziro limathera pomwepo. Chimene chimakhalitsa ndi phunziro lolowa m'silabasi, lokhala ndi mayeso, lophunzitsidwa m'chiyankhulo chimene msilikali wamba amamva.

Osowa, mabomba okwirira ndi malipoti

Nkhondo ikangoyamba, boma liyenera kutsegula ofesi yosunga mayina a ogwidwa, ovulala ndi akufa, yotumiza mayinawo ku likulu lofufuza osowa la ICRC, bungwe la Red Cross la mayiko onse, ku Geneva. Ofesiyi singakonzedwe m'tsiku limodzi. Ngati ogwira ntchito ndi mafomu sizinakonzedwe kale, mayi wofuna mwana wake amangouzidwa kuti abwerenso mawa, ndipo amatha ndalama zoyendera asanapeze womuyankha.

Mapangano okhudza zida amaika masiku enieni. Pangano la ku Ottawa la mu 1997 limapatsa dziko zaka zinayi kuti liwononge mabomba okwirira amene lasunga, zaka khumi kuti lichotse ali m'nthaka, ndiponso limafuna lipoti pofika pa 30 Epulo chaka chilichonse. Mozambique, kumene nkhondo inatha mu 1992, inapempha nthawi yowonjezera ndipo inalengeza kuti yamaliza kuchotsa mabombawa mu Seputembala 2015. Ntchito yotere imafuna ndalama zambiri, pamene lipoti limangofuna munthu mmodzi wodziwa kuti ndi udindo wake, komabe mayiko ambiri amachedwa nalo.

Komiti yolumikiza maunduna

Poona kuti ntchitozi zamwazikana, mayiko oposa 100 anakhazikitsa makomiti a malamulo a nkhondo, ndipo kuyambira 1996 ICRC ili ndi nthambi yolangiza maboma ndi kuwapatsa zitsanzo za malamulo. M'komitimo mumakhala oimira maunduna a chitetezo, chilungamo, ubale ndi mayiko ena, zaumoyo ndi maphunziro, pamodzi ndi asilikali, apolisi ndi Red Cross ya m'dzikomo. Ntchito yake ndi kuyerekeza mapangano ndi malamulo a dziko, kuloza pamene pali mpata, kukonza mabilu ndi kulondola malipoti. Komiti ilibe mphamvu yopanga lamulo, imangolangiza. Imagwira ntchito ngati inakhazikitsidwa ndi chikalata chomveka, ili ndi mlembi wokhazikika, ili ndi ndalama zake mu bajeti, ndipo mamembala ake ndi a udindo woti nduna iwamvere. Ikasowa zimenezi imangokhala dzina pa pepala. Phungu, mtolankhani kapena nzika yofuna kudziwa pamene dziko lake lafika ingafunse mafunso anayi: komiti inakumana liti komaliza, ndi mapangano ati amene alibe lamulo la m'dziko, bilu yake ili pa tebulo la yani, ndipo lipoti la chaka chino linatumizidwa kapena ayi.