Zinyalala za pa malo a tonse ku Milange: tigogode khomo la yani?

Msika ukaphwasuka ku Milange, njinga zonyamula chimanga ndi nandolo zikabwerera ku Muloza, tsidya la Malawi, pansi pamatsala majumbo, mabotolo ndi makoko a nzimbe. Zambiri zimathera m'ngalande ndi m'timitsinje totsika m'phiri la Tumbine. Wotaya amati malowo alibe mwini.

Mwini alipo. Lamulo la malo la Mozambique, nambala 19 la 1997, limati nthaka yonse ndi ya boma, ndipo m'mbali mwa misewu ikuluikulu ndi pa akasupe ndi malo otetezedwa. Lamulo lina, nambala 94 la 2014, linagawa ntchito ya zinyalala motere: m'tauni ndi ya khonsolo, kunja kwa tauni ndi ya boma la distirito. Milange wakhala ndi khonsolo yake, Conselho Municipal, kuyambira 1998. Choncho achinyamata a mpingo kapena amayi a pamsika akafuna kusesa malo, ayambe adziwa kuti malowo ali m'manja mwa yani.

Khomo loyamba ndi la mlembi wa bairro (dera la m'tauni), kapena a mfumu ngati kuli kumudzi. Iwowo ndiwo amamema anthu, ndipo amadziwa amene amakhuthula wilibala usiku. Mukatero lembani kalata ku khonsolo yotchula malo ndi tsiku, yopempha galimoto yodzanyamula mulu umene muunjike. Kumidzi kalatayo ipite ku ofesi ya SDPI, yoona za mapulani ndi zomangamanga m'distirito. Sungani kope lodindidwa chidindo, chifukwa ndilo mudzalozepo galimoto ikapanda kubwera.

Apa ndi pamene magulu ambiri amagwera mphwayi. Anthu amasesa ndi mtima wonse, mulu n'kukhala pomwepo, mbuzi n'kuumwaza, mvula n'kuubweza m'ngalande. Ena amatopa n'kuyatsa moto, utsi wa pulasitiki n'kulowa m'zifuwa za ana. Ine ndimati tsiku losesa lisalengezedwe galimoto isanalonjezedwe. Zowola zikwiriridwe m'dzenje zisanduke manyowa. Magalasi ndi majakisoni asagwiridwe ndi manja.

Kulipiritsa wotaya si ntchito ya odzipereka. Chindapusa chimalembedwa m'malamulo a khonsolo, ndipo amachidula ndi apolisi a khonsolo. Inu lembani malo ndi nthawi, jambulani ngati n'kotheka, kanenani. Kugwira munthu nokha kumangobala mlandu wina.

Amene anaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023, tsidya lino ndi ku Mulanje komwe, akudziwa zimene ngalande yotsekeka imachita. Tsidya la Malawi boma linakhazikitsa tsiku losesa mwezi uliwonse mu 2020, ndipo ogula ndi ogulitsa pamisika ya mbali ziwirizi ndi anthu amodzimodzi. Makomiti a misika ya Milange ndi Muloza atagwirizana tsiku limodzi mvula isanayambe, aliyense n'kupempha galimoto ku khonsolo ya kwawo, madzi a mu Disembala angapeze njira yotseguka.