Kujambula munthu popanda kuonetsa nkhope yake

Magulu a amayi m'maparishi amayendera odwala, amasamalira ana amasiye, komanso amalandira amayi anzawo amene achitidwa nkhanza m'banja. Nthawi yolemba lipoti ikakwana, pamafunika zithunzi zosonyeza ntchitoyo, ndipo apa mpamene pagona vuto. Chithunzi chikangolowa pa WhatsApp chimafika kwa anthu amene sitikuwadziwa, ndipo madzi akatayika sawoleka. Mayi amene anatiuza za matenda ake mwachinsinsi angadzidzimuke kuona nkhope yake m'foni za anthu a m'mudzi mwake. Kuno ku Malawi, lamulo la mu 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limateteza chinsinsi cha munthu pa nkhani imeneyi.

Pali njira yojambulira imene imathandiza. Munthu amaoneka wakuda bii ngati chithunzithunzi chake, pamene kumbuyo kwake kukuwala. Timaona kuti ndi mayi, wabereka mwana kapena wasenza ndowa, koma maso, mphuno ndi pakamwa sizioneka. Ojambula amatchula chithunzi chotere kuti silhouette, dzina lochokera kwa Étienne de Silhouette, nduna ya zachuma ya ku France mu 1759. Foni wamba yokhala ndi kamera ikhoza kuchijambula.

Kuwala kukhale kumbuyo

Maso athu amatha kuona malo owala ndi malo amdima nthawi imodzi, koma kamera imavutika kutero. Ikatsatira powala, pamdima pamada kwambiri. Choncho kuwala konse kukhale kumbuyo kwa amene mukumujambula, ndipo kumaso kwake kusafike kuwala kulikonse.

M'nyumba, muimikeni pakhomo lotsegula kapena patsogolo pa zenera, inu muli mkati kuyang'ana kunja. Zimitsani magetsi ndi kutseka mazenera ena. Samalani ndi khoma loyera limene lili kumbuyo kwanu, chifukwa limabweza kuwala n'kuwalitsa nkhope. Bulauzi yoyera nayonso imaonekera, choncho ndi bwino kufunda nsalu yoderapo.

Panja, jambulani m'mamawa dzuwa likamatuluka kapena madzulo likamalowa. Masana dzuwa lili paliwombo, kuwala kumagwa paliponse ndipo nkhope imaoneka. Konzekerani msanga, popeza kwathu kuno mdima sumachedwa dzuwa likangolowa. Munthuyo aime motchinga dzuwa ndi thupi lake. Inu gwadani kapena njutani kuti mutu ndi mapewa ake zikhale pa thambo. Kumbuyo kwake kukakhala mitengo, phiri kapena nyumba, zonse zimasakanikirana n'kukhala mdima umodzi. Musayang'anitsitse dzuwa, limawononga maso.

Zochita pa foni

Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a m'zala amachititsa chithunzi kuoneka ngati muli chifunga. Zimitsani fulashi. Ngati foni yanu ili ndi HDR kapena Night mode, zimitsaninso, pakuti ntchito ya zimenezi ndi kuwalitsa malo amdima, ndiye kuti zimaulula nkhope imene mukufuna kubisa.

Kenako gusani ndi chala pa sikirini pamalo powala, monga pa thambo. Pa foni zambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni kumbali imene ikudetsa chithunzi, pang'onopang'ono, mpaka munthuyo ade bii. Jambulani zithunzi zingapo kuti mudzasankhepo.

Kaimidwe ndi kamene kamafotokoza nkhani, popeza nkhope palibe. Mikono italikirane pang'ono ndi thupi kuti ioneke. Khasu, mtsuko kapena dengu zimasonyeza ntchito imene munthu amagwira. Mukamajambula anthu awiri, monga wodwala ndi womusamalira, pakhale mpata pakati pawo kuti asaoneke ngati chinthu chimodzi. Kuima chammbali kumakongoletsa chithunzi, koma achibale akhoza kumuzindikira munthu poona mphuno ndi chibwano. Nkhani ikakhala yovuta, afulatire kamera ndipo amange duku.

Kukonza chithunzi

Nthawi zambiri nkhope imakhala ikuonekabe pang'ono. Tsegulani chithunzicho mu Google Photos kapena mu Snapseed, pulogalamu yaulere ya Google, ndipo pitani pamene amakonzera zithunzi. Tsitsani Shadows kuti malo amdima adere kwambiri. Kwezani Contrast kuti chakuda chisiyane bwino ndi chowala. Thambo likayera mbee, tsitsani Highlights kuti mitambo ndi kufiira kwa madzulo zibwerere. Musapyoze muyeso, chifukwa m'mbali mwa munthu mumayamba kuoneka mzere wachilendo. Pomaliza dulani m'mbali mwa chithunzi kuchotsa chikwangwani cha sukulu, nambala ya galimoto kapena golosale imene aliyense amaidziwa.

Tsopano pali chinthu chimene ambiri amaiwala. Monga inu mwadetsa chithunzi, wina akhoza kuchiwalitsa. Choncho chiyeseni musanatumize. Sungani chimene mwakonzacho, chitseguleninso, ndipo kwezani Brightness ndi Shadows mpaka kumapeto. Maso kapena maluwa a chitenje akaonekera, ndiye kuti ntchito sinathe. Bwererani, chidetseninso, sungani, n'kuyesanso mpaka pamalo pa nkhope pakhale pakuda basi.

Foni zina zimasunga m'chithunzi malo amene chinajambulidwira. Njira yapafupi ndi kutenga screenshot ya chithunzi chomalizacho n'kutumiza imeneyo. Zithunzi zoyamba zija zifufuteni, ndipo muyang'anenso mu Trash kapena Recently deleted, mmene zofufutidwa zimakhalabe kwa masabata angapo. Kumbukirani kuti foni zathu amagwiranso ana ndi abambo kunyumba.

Mwini nkhope ndiye alole

Kubisa nkhope sikuchotsa udindo wopempha chilolezo. Musanatulutse foni, mufotokozereni munthuyo chifukwa chimene mukufunira chithunzi, kumene chipite ndi amene achione. Akakana, thandizo limene mwabweretsa mupatseni monga mwa nthawi zonse, ndipo adziwe zimenezi musanamufunse, kuti asavomere chifukwa choopa kumanidwa ufa kapena sopo. Kwa mwana, pemphani kwa kholo kapena womulera, ndipo mwanayo mumufunsenso. Mukamaliza kukonza, muonetseni chithunzicho kuti anene yekha ngati akhutira.

Mawu olembedwa pansi pa chithunzi akhozanso kuulula munthu. Musalembe dzina, mudzi kapena mphakati wake. Kulemba kuti ndi mayi wa ana asanu amene mwamuna wake anamwalira chaka chatha n'kokwanira kuti a m'deralo amudziwe.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, yesani kujambulana nokhanokha pakhomo la holo, kenako mupatsirane foni kuti muone ngati wina angadziwe amene ali pachithunzipo. Tsiku lokaona wodwala lidzakupezani mutazolowera kale.